Ana Atatu Amene Ndinabereka pa Chikwangwani

Inu mayi, musavutitse khosi. Ndakuonani kale: mukuyang'ana denga la benchi ya tomato iyo, kenako ine, kenako denganso. Eya, ndine. Nkhope yatambalala pamwamba pa tomatoyo, imene mvula yafufutitsa tsaya limodzi, ndi yanga ndithu. Koma ana atatu alembedwa m'munsimo si anga, ndipo Mervis si dzina langa. Ine ndine Tikondane. Tasendezani dengulo ndikhale nawo. Minibasi iyi sichoka pano pa Songani mpaka kondakitala atapeza wina wokhala pa injini. Ine si wapakamwa, kwathu amanditcha bubu, koma nkhani iyi ikandigwira imatuluka yokha ngati chitsokomolo.

Ndimagwira ntchito yopanga fotokope pa kakoleji kena kuno ku Domasi. Dzina sinditchula, ntchitoyo ndikuifunabe. Ophunzira ambiri pamenepo ndi anthu akuluakulu, aphunzitsi a ku pulayimale ofuna kukweza maphunziro. Amabwera pa holide, kenako amabwerera kumasukulu awo akumidzi n'kumaphunzira ali komweko. Zolemba zawo ankatumiza pa minibasi, ena ankabweretsa okha pa njinga. Ndiye akuluakulu a koleji anati ayi, dziko lapita kutali, maphunziro onse alowe mu foni. Apu, amatero eni ake. Ndipo anaitana katswiri wochokera ku Lilongwe, a Malcolm.

Inu, tamverani za a Malcolm. Nsapato zawo zinali zosongoka moti zinkafika pakhomo la ofesi eni ake akadali pa geti. Magalasi ankavala pamutu, ngati tsitsi ndilo linali ndi vuto la maso. Tsiku loyamba anatisonkhanitsa tonse, ndi ife a fotokope omwe, n'kuimirira patsogolo manja atatambasula ngati mbusa wa pa siteji.

"Ife sitipanga zinthu titakhala mu ofesi ayi! Njira yathu ndi imodzi: munthu patsogolo! Timalawa kaye moyo wa wophunzira, timamva ululu wake, kenako timamupangira chomuyenera. Tanenani nonse: munthu patsogolo!"

Tinanena. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Chimene sananene n'chakuti kalumoko kameta ndani.

Ululu uja anayamba kuulawa m'mawa mwake. Anati akwera kabaza mpaka ku sukulu ina ya kumunsi, kuminda ya mpunga, kuti amve mmene wophunzira amavutikira. Anakweradi. Kungoti galimoto lawo linkawatsatira pambuyo pang'onopang'ono, litanyamula laputopu, madzi a m'botolo ndi malaya osinthira. Iwo ali pa kabazapo, dzanja limodzi linagwira kamtengo kokhala ndi foni kunsonga, akudzijambula uku akulankhula ndi azungu awo. Wakabaza anawauza kuti, "Bwana, gwirani ndi manja awiri, kutsogoloku kuli kamlatho ka mitengo."

"Usandisokoneze, ndikumva ululu!"

Anaumvadi. Kamlatho kaja katagwedeza njinga, katswiri anauluka, khuvu! m'munda wa mpunga. Anatuluka matope mpaka m'makutu. Nsapato imodzi inatsala momwemo, ndipo ndikukhulupirira kuti chaka chimenecho munda umenewo unabereka mpunga wosongoka. Wakabaza uja anavula chipewa chake n'kuwapukuta nacho kumaso, mwaulemu, ngati akupukuta mwana. Zikomo sanamve. A Malcolm analowa m'galimoto, n'kubwerera ku koleji kudzatiuza kuti, "Tsopano ndawamvetsa ophunzira anu." Ku sukulu kuja sanafike.

Kenako kunabwera wekishopu. Anaitana ophunzira amene anali pafupi, n'kuwagawira timapepala tomata, tachikasu, tobiriwira, tofiirira. Ine ndinali pakona ndi ketulo ya tiyi.

"Masukani! Chimakuvutani n'chiyani pa maphunziro anu?"

Amasuke bwanji, a pulinsipolo atakhala kutsogolo komweko, atapinda manja, akuyang'ana munthu aliyense ngati akumuwerenga malikisi pamphumi?

"Zonse zili bwino, bwana."

"Ife tikungothokoza."

Mmodzi yekha anakweza dzanja, mayi Abida. Amenewa amaphunzitsa sitandade wani kuseri kwa Malosa. Akabwera kudzapanga fotokope salephera kundisiyira nthochi ziwiri pa tebulo, ngati aiwala.

"Bwana, kwathu netiweki imapezeka pa chulu pokha, kuseri kwa zimbudzi za sukulu. Ndipo foni timagwiritsa imodzi ndi bambo akunyumba. Akapita nayo ku Chilwa kukagula nsomba, ine..."

"Mayi, mayi, mayi! Zimenezo ndi za mtsogolo. Panopa tili pa gawo lojambula mmene mtima ukumvera. Aliyense ajambule nyama yofanana ndi maphunziro ake."

Anthu a ulemu wawo, ena a zidzukulu, anawerama n'kuyamba kujambula nyama. Che Maulidi, mphunzitsi wamkulu wa ndevu zoyera, anajambula chinthu cha miyendo inayi ndi msana wathyathyathya. A Malcolm anachikweza m'mwamba.

"Taonani kuzama kwake! Tebulo! Bambowa akuti maphunziro ndi tebulo limene tonse timadyerapo!"

"Ndi mbuzi, bwana," anatero che Maulidi.

Timapepala tonse anatimata pakhoma. Koma khoma lake lopaka laimu, inu, laimu wa ku Domasi salola kumatidwa ndi mlendo. Pobwera kodya nkhomaliro tinapeza timapepala tonse tili pansi, chitseko chili pululu, ndipo mbuzi ya alonda, mbuzi yeniyeni tsopano, ikumaliza kutafuna maganizo a ophunzira. Inasiya tachikasu tokha. Mwina sitinali tokoma.

A Malcolm sanadandaule. Ndinawamva akuuza a pulinsipolo kuti, "Vuto la anthu enieni n'lakuti aliyense amanena zakezake. Uyu chulu, uyu nsomba, uyu mbuzi. Ndiye ife akatswiri timaumba munthu mmodzi woimira onse. Timam'patsa dzina, zaka, mavuto, zonse. Timati pesona. Tikamapanga apu timayang'ana iyeyo."

Masana omwewo analowa m'chipinda changa cha fotokope.

"Iwe mtsikana, taima apo pakhoma. Nkhope yako ndi yakumudzi bwino. Uli ndi duku? Vala. Usaseke. Oneka ngati watopa koma uli ndi chiyembekezo."

Ine kuti ndifunse kuti chithunzicho n'cha chiyani, ndinachita manyazi. Ndi mmene ndilili. Munthu akandiponda phazi mu minibasi, wopepesa ndimakhala ine. Ndinavala duku, ndinatopa, ndinayembekeza. Anajambula n'kutuluka. Dzina sanandifunse.

Patapita milungu ingapo, tsiku la msika, ndikutsika pa njinga pompano, ndinaona anthu ataunjikana akuyang'ana kumwamba. Nanenso ndinayang'ana. Mayo ine! Chinsalu chapulasitiki chachikulu ngati khoma la tchalitchi, chitamangidwa pa mitengo iwiri apo pali wogulitsa chipisiyo. Nkhope yanga, mphuno yokha kukula ngati dengu lanuli. Ndipo analemba m'Chichewa, akuti kuti anthu amve kuti ndi zawo:

UYU NDI MERVIS. ALI NDI ANA ATATU. MWAMUNA ANAMUTHAWA. AMAOPA FONI KOMA ALI NDI MALOTO. TAPANGIRA IYEYU!

Tsono mumve pamene panali minga. Ine nditamaliza folomu folo ndinakakhala zaka zingapo ku Ndirande kwa achemwali anga, kuwathandiza mu saluni. Anthu a kuno sanandione nthawi yonseyo. Ndiye pansi pa chinsalu paja masamu anayamba.

"Ana atatu pa zaka zochepa zija?"

"Oyambawo anali mapasa."

"Eetu, n'chifukwa chake ndi wofatsa. Madzi odikha!"

"Kumeneko ankadzitcha Mervis, taonani!"

Mayi wina wogulitsa bonya analumbira kuti womaliza anamuona ndi maso ake ku Limbe, makutu ake ngati anga ndendende.

Zikanakhala za anthu a pamsika okha ndikanapirira. Koma mwezi wotsatira kunali chinkhoswe changa. Anthony, kalipentala wa pa Naisi, anali atandifunsira, akwathu atavomera, nsalu titasankha kale. Anthony analeredwa ndi azakhali ake, mayi Eliza, mtsogoleri wa amayi a Mvano, munthu woti akatsokomola m'tchalitchi kwaya imasintha nyimbo. Tsiku la msika lomwelo anali pompano akugula anyezi. Anawerenga chinsalu chija kuyambira pamwamba mpaka pansi, kawiri, n'kubweza anyezi.

Madzulo uthenga unafika kwa malume anga, a Makaiko: chinkhoswe chaima. Mtsikanayo aonetse kaye ana ake ndi kumene kuli bambo wawo.

Malume anayesa kukana. Azakhali anangoti, "A Makaiko, inu ndi koleji, wophunzira kwambiri ndani? Anthu a madigiri angawononge ndalama kusindikiza bodza la mitundu?"

Anthony naye anasowa. Foni osaimba, pakhomo osaoneka.

Ndinalimba mtima kupita kwa a Malcolm kuti achotse chinsalucho. Ndinaima pakhomo la ofesi yawo, mawu nditawakonza bwinobwino kuyambira kunyumba. Anadzutsa mutu.

"Wabwera bwino. Tandipangira makope a izi, mwachangu."

Ndinapita kukapanga makope. Ndinalirira pa makina mpaka pepala lina linatuluka lonyowa. Mayi Abida anandipeza choncho. Anakhala pa mpando, n'kusenda nthochi, n'kundipatsa, n'kudikira mpaka nditameza.

Uku apu ija inali itatumizidwa kale m'mafoni a ophunzira kuti ayesere. Ndipo inapangidwira Mervis ndithu, sananame. Poti Mervis amaopa kuwerenga zambiri, phunziro lililonse linali vidiyo, vidiyo yake yolemera moti bandulo ya mlungu wathunthu inkatha mphunzitsi asanamalize kupereka moni. Poti Mervis amatanganidwa ndi ana masana, maphunziro ankatseguka dzuwa litalowa, nthawi imene munthu wanzeru sakwera chulu cha kuseri kwa zimbudzi. Ndipo poti Mervis ndi wosweka mtima, apu inkatumiza mauthenga omulimbikitsa m'mawa uliwonse, kwa wina aliyense.

Linafika tsiku lokhazikitsa. Tenti, mipando yapulasitiki, zokuzira mawu, alendo olemekezeka ochokera ku Zomba, ophunzira atadzaza kumbuyo. Ine anandipatsa kireti ya zakumwa kuti ndizigawa. A Malcolm, atagula nsapato zina zosongoka kuposa zoyamba, anaimirira pa maikolofoni.

"Lero muona zimene zimachitika mukaika munthu patsogolo!"

Anadina laputopu. Pa chinsalu choonetsera panabwera kagudumu, n'kuyamba kuzungulira. Kanazungulira. Kanazungulirabe. Alendo olemekezeka anayamba kukatsatira ndi mitu. Ndipo m'kachetechete ameneyo ndinamva kutsokomola kumene ndimakudziwa.

Mayi Eliza anali ataima pakati pa tenti, handibagi ili m'khwapa, malume anga ali pambuyo pawo ngati mbuzi yopita kumsika.

"Pepani a tcheyamani, ine sindinaitanidwe, koma funso langa ndi limodzi. Bambo inu a nsapato, ana a mtsikana uyu ali kuti?"

A Malcolm anaseka kaseko ka ku Lilongwe. "Aa, mayi, mwasokoneza. Munthu ameneyo kulibe."

"Kulibe? Uyu wanyamula kiretiyu ndi mzukwa?"

"Ayi, ndikutanthauza kuti nkhope ndi yake, koma moyowo ndi wopeka."

"Moyo wake ndi wopeka! Mesa ndi zomwe ndikunena ine?"

"Ayi mayi, mvetsani. Zonse zija tinazipeza pa kafukufuku."

"Ehe! Anachita kufufuza! A Makaiko, mwamva? Inu mumati ndi miseche ya pamsika!"

Thukuta linayamba kutsika pansi pa magalasi a pamutu aja. A Malcolm anayang'ana uku ndi uku kufuna wowapulumutsa, maso awo n'kugwera pa ine. Munthu amene ndinamupangira makope miyezi yonseyi, amene ndinkamuikira shuga mu tiyi monga amakondera. Anandikodola ndi dzanja, pa maikolofoni, anthu onse akumva:

"Mervis, tabwera uwafotokozere."

Inu! Tenti yonse inangoti wooo! Malume anavula chipewa n'kudziphimba nacho kumaso. Azakhali anakweza manja kumwamba ngati alandira vumbulutso. Ine ndinangoima pomwepo, kireti ili m'manja.

Pamenepo ndi pamene Anthony analowa, utuchi uli m'tsitsi, atanyamula jumbo yakuda. Anadutsa alendo olemekezeka onse osawaona, n'kudzaima pambali panga. Anandilandira kaye kireti ija n'kuiika pansi. Kenako anatsegula jumbo n'kutulutsa timalaya titatu ta pa kaunjika, tiwiri tofanana, kena kakang'ono.

"Azakhali, ndaganiza mokwanira. Kaya ndi atatu, kaya ndi asanu, ine Tiko ndimutenga. Bedi la anawo ndayamba kale kukhoma." Anatembenukira kwa ine, mawu atatsika. "Misinkhu yawo sindikuidziwa, ndangoyerekeza. Akuti oyambawo ndi mapasa eti?"

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga mawu anatuluka pagulu, ndipo maikolofoni inawatola.

"Anthony! Iwenso unakhulupirira?"

"Zinali zosindikiza, Tiko. Za mitundu."

Sindinadziwe kuti ndimumenye ndi timalayato kapena ndimukumbatire. Ndisanasankhe, mayi Abida anaimirira kumbuyo, foni ili m'manja, n'kubwera mpaka pamene panali azakhali.

"Mayi, musavutike ndi mwanayu. Mervis ndine. Tawerengani apa."

Azakhali anatulutsa magalasi mu handibagi n'kuwerenga mokweza, monga amawerengera Masalimo: "Moni Mervis, mayi wolimba mtima! Iwala amene anakuthawa. Ana akagona, tsegula phunziro lachiwiri."

"Umabwera m'mawa uliwonse," anatero mayi Abida. "Bambo akunyumba anaulandira ali ku Chilwa. Anabwerako opanda nsomba, kudzafunsa kuti wandithawa ndani."

"Inenso ndine Mervis!" Anali che Maulidi, ndevu zikunjenjemera. "Ine, ndevu zonsezi, mayi wolimba mtima! Akunyumba anaona uthengawo, akuti ndiwauze Mervis ndani ndipo ana atatuwo ndikuwadyetsa ndi ndalama ziti. Mpaka lero ndikudya kwa achimwene anga!"

"Inenso!"

"Kuno Mervis wina!"

Mafoni anakwera m'mwamba tenti yonse, amuna, akazi, a dazi, a imvi, onse a Mervis, onse othawidwa. Pa chinsalu choonetsera kagudumu kaja kanali kakuzungulirabe.

Mayi Eliza anayang'ana mafoniwo, anayang'ana ine, kenako anapinda magalasi awo pang'onopang'ono. Amene amawadziwa anayamba kusendeza mipando.

"Ndiye kuti, bambo inu, munatenga nkhope ya mwana wa eni ake, wosakwatiwa, n'kumuberekera ana atatu, n'kumuthawitsira mwamuna, n'kumupachika pa Songani?"

"Mayi, ndi njira yovomerezeka pa dziko lonse la..."

"Munamupempha? Makolo ake munawaona? Mpongozi wanga ameneyu!" Inu, ndinadzidzimuka. M'mawa ndinali hule wa ku Ndirande, masana ndasanduka mpongozi. "Kuno kwathu munthu akaipitsa mbiri ya mwana wamkazi amapita yekha kwa eni mbumba, nkhuku ili m'manja. Osati kutuma dalaivala. A pulinsipolo, ndanama?"

A pulinsipolo, amene anaona alendo a ku Zomba akugwedeza mitu, anati mayiwo sananame.

Loweruka lake mudzi wonse unaona zimene sunaonepo. Galimoto linaima pamsewu chifukwa kwathu kulibe njira ya galimoto. A Malcolm anatsika ndi tambala wamkulu wofiira, atamugwira ngati laputopu. Anafuna kubisala pambuyo pa gulu, koma azakhali anawakodola.

"Mesa mumati munthu patsogolo? Tsogolani."

Anatsogola, m'mizere ya chinangwa, nsapato zikukola udzu, tambala akuwathira zake pa thalauza. Atafika anagwada pamaso pa malume n'kupepesa, ndipo ndinene zoona, anapepesa bwino. Amayi anga anawapatsa madzi ndi sopo kuti atsuke thalauza, n'kuwapatsanso mpando wabwino uja wa alendo. Pochoka anandiitanira pambali.

"Chemwali, kodi dzina lanu ndani?"

"Tikondane."

Anatulutsa kapepala komata, kachikasu, n'kulemba, n'kukamata pa foni yawo kuti asaiwale. Kanagwa asanafike pa mtengo wa mango.

Apu ija ilipobe, akuti ikukonzedwa. Ophunzira anabwerera ku minibasi ndi njinga zawo. Mayi Abida anamaliza maphunziro awo chaka chatha, zolemba zonse atabweretsa okha m'chikwama, pamodzi ndi nthochi zanga. Mu lipoti lawo a Malcolm analemba kuti munthu amene anamupangira apuyo sanadandaulepo ngakhale kamodzi. N'zoona. Mervis ndi wofatsa kuposa ine.

Chinsalu chija anachitsitsa, mayi wa tomatoyu n'kuchipempha. Sichidontha ngakhale mvula ya Januwale. Pa pulojekiti yonse ija, ndi chinthu chokhacho chimene chathandiza munthu wamoyo, ndiye ndinati chikhale, nkhope yanga iziteteza tomato.

Chinkhoswe chinachitika, ukwati unachitika, tambala uja tinaphikira ankhoswe. Timalaya titatu tija tili mu sutikesi, bedi la ana Anthony analimaliza, tikungosungirapo mbatata. Ndipo kumene ndikupita panoku ndi ku Naisi, azakhali andiitana. Ndikudziwa kale nkhani yake, ndi yomweyo ya mwezi uliwonse. Andikhazika pa mkeka, andiyang'ana pamimba, apumira m'mwamba, kenako ati:

"Tikondane mwanawe, chaka chatha tsopano. Mnzako Mervis anakwanitsa atatu, mwamuna atamuthawa. Iwe wako ali pakhomo, ukudikira chiyani?"